Chouluka Chimatera: Za Alendo Odza ndi Tindege ku Gombe la Mangochi

Mwambi wakuti chouluka chimatera udapekedwa kale, ndege zisanaoneke m'dziko la Malawi. Amene adaupeka ankayang'ana nkhwazi, akabawi ndi ngumbi, koma ankanena za munthu, uja amene akapeza pabwino amaiwala kuti tsiku lina adzapempha madzi akumwa kwa anthu omwewo amene lero akuwayang'anira pansi. Kugombe la Mangochi mwambiwu umaonekanso ndi maso. Mvula ikatha, udzu n'kuyamba kufiira, pamakhala masiku ena pamene kumamveka kulira kwa kandege kochokera kummwera. Kandegeko kamazungulira kamodzi kapena kawiri, kenaka kamatsikira kuseri kwa migwalangwa ndi milambe, n'kukatera pabwalo laling'ono, monga lija la pafupi ndi Club Makokola, pamsewu wochoka ku boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay.

Otsikamo si nduna, si madokotala othamangira wodwala, ndiponso si amalonda. Kawirikawiri amakhala bambo ndi mkazi wake, kapena abwenzi awiri atatu, ovala makabudula ndi zipewa, amene ali patchuthi. Woyendetsa ndiye mwini ulendo. Kwawo mwina ndi mlimi, mwina loya, mwina injiniya, ndipo kuyendetsa ndege adakuphunzira ndi ndalama za m'thumba mwake, monga mmene wina amaphunzirira gitala. Wodziwa kuwerenga angathe kuzindikira kumene achokera poyang'ana zilembo za pathupi pa ndege: za ku South Africa zimayamba ndi ZS kapena ZU, za ku Zambia 9J, za ku Mozambique C9, pamene za ku Malawi zimayamba ndi 7Q. Yodziwika kwambiri mwa ndege zoterezi ndi Cessna 172, ya mipando inayi ndi injini imodzi, imene idayamba kugulitsidwa mu 1956, ndipo chiyambire pamenepo zapangidwa zopitirira 40,000. Imathamanga makilomita 200 ndi kanthu pa ola, n'kumamwa malita a mafuta opitirira 30 m'ola lomwelo. Kuchokera ku Johannesburg kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 1,300, choncho mlendo wotere amakhala m'mwamba pafupifupi maola 7, kuteranso panjira kuti amwetse mafuta. Akalowa m'dziko sathamangira kunyanja ayi. Amayamba watera ku Chileka kapena pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kukaonetsa pasipoti ndi chilolezo cha ndege yake. Kuchoka ku Chileka kufika kugombe la Mangochi ola silikwana n'komwe.

Kwa munthu wakumudzi ulendo uli ndi mutu wake. Munthu amanyamuka chifukwa cha maliro, chinkhoswe, mlandu, malonda kapena kukafuna ntchito, ndipo akafika, atapatsidwa mpando ndi madzi, amafotokoza malonje. Tsono malonje a munthu amene wadutsa mayiko awiri, n'kutaya ndalama zimene msodzi akadagulira bwato ndi ukonde womwe, cholinga chake kungouluka basi, ndi ovuta kuwamva. Komabe amene adaonapo nkhalamba zikutha tsiku lathunthu pabawo, kapena anyamata akuvina beni mpaka fumbi kobo, sangadabwe kwambiri. Mtundu uliwonse uli ndi zake zimene umachita chifukwa chongozikonda, ndipo kunyoza chisangalalo cha mnzako chifukwa choti iwe sungachikwanitse ndi kaduka kovala mkanjo wa nzeru. Chosiyana n'chakuti bawo sapha munthu, ndiponso sadutsa pamwamba pa denga la eni.

Alendo odzera kumwamba sadayambe dzulo kunyanjayi. Mu Novembala 1949 kampani ya BOAC idayamba kutereza ku Cape Maclear ndege zake zikuluzikulu zotera pamadzi, za mtundu wa Short Solent, za injini zinayi, zonyamula anthu opitirira 30. Zinkachokera ku Southampton ku Mangalande kupita ku Johannesburg, ulendo wa masiku angapo, ndipo pagombepo padali hotela yolandirira apaulendowo. Anthu a ku Chembe, amene makolo awo adaona sitima ya Ilala yoyamba ikufika ndi amishoni mu 1875, adaonanso chinyumba cha mapiko chikukocheza pamadzi omwewo. Koma mlendo ndi mame. Pofika Novembala 1950 BOAC idasiya ndege zotera pamadzi, hotela ija idasowa ogonamo n'kutsekedwa, ndipo Chembe adatsala ndi mabwato ake.

Kwa amuna ambiri a ku Mangochi, ndege sidali ya chisangalalo. Idali ya Wenela. M'zaka zimenezo anyamata zikwizikwi ankalembedwa ntchito ya kumigodi ya ku Joni, n'kunyamulidwa pandege kuchokera ku Malawi kukatsikira ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima yapamtunda. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya mtundu wa DC-4, yonyamula amuna obwerera kwawo atatsiriza ntchito, idagwa itangonyamuka ku Francistown. Padafa anthu 78, ndipo 74 mwa iwo adali Amalawi. Ofufuza adapeza kuti mafuta ake adasakanizika ndi mafuta a ndege za jeti, amene injini za mtundu umenewo sizigwirizana nawo. Dr Kamuzu Banda adaletsa pomwepo kulemba anthu ntchito ya kumigodi, ndipo padapita zaka zitatu asanalolenso.

Mmodzi mwa amene adali kumgodi pamene mbiri ya ngoziyo idafika ndi mkulu wina wa m'mudzi wapafupi ndi bwalo la ndege, amene dzina lake silifunika kutchulidwa. Atabwerako ku Joni adagula ukonde, nakhala msodzi zaka zambiri, mpaka msana udamukaniza kupalasa. Paukalamba wake ankapatsidwa kaganyu kolonda ndege za alendo usiku, poti kandege kosiyidwa pamtetete kali ndi adani ake: mbuzi zimatafuna zingwe, ana amafuna kukhudza chilichonse, ndipo mafuta a m'mapikomo ali ndi owafuna. Chaka china, m'mwezi wa Julayi, adalonda kandege koyera ka zilembo za ZS, ka mlimi wina wa imvi amene adabwera ndi mkazi wake.

M'mawa mwake mkuluyo adaona mwini ndege akuchita zimene kwa iye zidaoneka ngati mwambo. Adazungulira ndegeyo pang'onopang'ono, dzanja lili pachitsulo, akugwedeza apa, kusuzumira apo. Adakwera pamapiko, natsekula zivindikiro, napisa kamtengo kokhala ndi mizere m'matanki, ngakhale kuti mkati mwa ndege muli kale mawotchi osonyeza mafuta. Kenaka adatenga kabotolo koonekera mkati, nakhetsera mafuta pang'ono kuchokera pansi pa phiko lililonse, nakayang'anitsa padzuwa, nakanunkhiza. Mkuluyo adaitana mdzukulu wake, mnyamata wogwira ntchito pahotela ina, kuti amufunsire.

"Agogo, akuti akuyang'ana madzi," adatero mnyamatayo. "Akuti usiku kukazizira, madzi amatha kulowa m'thanki, ndiye poti amalemera kuposa mafuta amakhala pansi. Akuti mafuta abwino amakhala amtundu wa buluu. Akasakanizika ndi a jeti amanunkha palafini, ndipo mukadontheza papepala amasiya banga."

"Uwafunse, kodi amatero tsiku lililonse?"

"Akuti ulendo uliwonse, agogo, ngakhale atamwetsa okha ndi manja awo."

Mkuluyo adakhala chete kanthawi. Kenaka adayamba kulankhula yekha ndi mlendoyo m'chilapalapa cha kumigodi, chimene mlimiyo ankachimva pang'ono. Chiyankhulo chimenechi chidapangidwira kulamula ndi kumvera, moti mawu a chisoni mulibe ambiri, koma adakwanira kuti nkhani ya ku Francistown imveke. Mlendoyo adali asanaimvepo. Adayang'ananso kabotolo kali m'manja mwake, ndipo kuyambira pamenepo adasiya kumuona mkuluyo ngati mlonda chabe.

Amene amayendetsa tindege mosamala ali ndi khalidwe limene munthu wakumudzi angalizindikire msanga, pakuti ndi khalidwe la mlendo woleredwa bwino. Mlendo salowa pabwalo la eni ngati nkhuku. Amaima chapatali, nati odi, nadikira kuti amuyankhe. Woyendetsa ndege naye ali ndi odi wake. Akayandikira bwalo lopanda woyang'anira, amalankhula pawailesi ngakhale sakudziwa ngati alipo womumva: amatchula zilembo za ndege yake, pamene ali, kutalika kwake kuchokera pansi, ndi chimene akufuna kuchita. Kenaka amadutsa pamwamba pa bwalo osatera, kuti aone ngati pali ng'ombe, mbuzi, njinga kapena dzenje, ndi kuti aone thumba la nsalu lopachikidwa pamtengo limene limasonyeza kochokera mphepo, poti ndege imatera ndi kunyamuka itayang'anana ndi mphepo. Malamulo a mayiko onse amanenanso kuti, kupatula ponyamuka ndi potera, ndege isatsike kupyola mamita 150 kuchokera pansi, ndipo pamwamba pa matauni, midzi yothithikana kapena khamu la anthu isatsike kupyola mamita 300.

Amene adalemba malamulo amenewa ankaganiza za ngozi. Koma pali chifukwa china chimene m'mabuku a oyendetsa ndege mulibe. Mudzi uli ndi malo amene sayang'anidwa, ndipo mipanda yake yonse idamangidwa poganiza kuti maso a munthu amachokera m'mbali. Padoko losambira amayi, mwamuna wodutsa amaima patali n'kufuula kupempha njira. Pakagwa maliro, masamba amaikidwa pamsewu, wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa nyimbo. Miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, imene alendo amaikonda chifukwa kumwamba kumayera, ndi yomweyo imene Ayao amalowetsa anyamata kujando ndi atsikana kunsondo, ndipo ndagala imamangidwa kuthengo kuti wosayenera asaone. Tsono munthu wa m'ndege masamba a pamsewu sawaona, kufuula kupempha njira sangathe, ndipo tsekera la mpanda silimutchinga. Njira yake yokhayo yoperekera ulemu ndi kukwera m'mwamba ndi kulambalala.

Si onse amene amatero. Alipo ena amene akaona madzi abata ndi mchenga woyera mtima umawalamula kutsika, n'kumayenda motsatira gombe pafupifupi kukhudza nsonga za migwalangwa, mnzawo akujambula pazenera. Kwa iwo n'chithunzi chokongola chokaonetsa kwawo. Kwa amene ali pansi n'chiphokoso chodzidzimutsa, makanda kulira, nkhuku kubalalika, amayi kuthamangira zitenje, ndiponso mwina shehe kudukiza mawu pakati pa pemphero la Lachisanu. Wotereyu amati sadalakwire munthu, poti sadaponde munda wa wina aliyense. Koma nayenso safunsa adadya phula, ndipo n'zachisoni kuti phula lake amadya ndi ena. Ndi kuulukanso kwa mtundu womwewu kumene kwapha oyendetsa tindege ambiri m'mayiko osiyanasiyana, chifukwa madzi abata amanyenga maso, munthu osadziwa kuti watsika motani, ndipo pafupi ndi pansi palibe mpata wokonzera cholakwa.

Mlimi uja adali wa gulu loyamba lija. Tsiku lachitatu adatuma mnyamata kukafunsa ngati agogo ake angakonde kukwera nawo. Mkuluyo adayamba wakafunsa kunyumba, kumene adauzidwa kuti munthu amene adapulumuka mgodi ndi nyanja asakafere zamasewera. Adavomera kuti mawuwo ndi anzeru, koma m'bandakucha adavala mkanjo wake woyera ndi kofiya, napita kubwalo. Chidamudabwitsa choyamba n'chakuti adafunsidwa kulemera kwa thupi lake, funso limene ngakhale mlamu sangafunse. Mdzukulu adafotokoza kuti kandege kali ngati bwato: kali ndi malire a katundu, ndipo katunduyo ayenera kukhala pamalo pake. Kukatentha mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino, injini imafooka, ndipo ndege yolemedwa imatha bwalo lonse isananyamuke. N'chifukwa chake odziwa amanyamuka m'mawa, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene gombe la Mangochi limatentha ngati ng'anjo. Zimenezi mkuluyo adazimva mosavuta, poti adaonapo mabwato akumira chifukwa cha thumba limodzi lowonjezera.

Adamangidwa lamba, navekedwa zomvera m'makutu, natchula dzina la Mulungu. Ndege ya Wenela adaikwera kawiri, koma adali pakati pa anzake ambirimbiri, mantha ali tho, ndipo sadaone kanthu. Apa zenera lidali paphewa pake penipeni.

Choyamba kuchizindikira chidali chilumba cha Boadzulu, choyera ndi zitosi za mbalame, chimene adachizungulira ndi bwato nthawi zosawerengeka. Kutsidya kudaoneka mapiri a ku Malindi. Atakhotera kummwera adaona pamene nyanja imathera, Shire n'kuyamba ulendo wake, mlatho wa Bakili Muluzi umene udatsekulidwa mu 2002 uli ngati kamtengo kogonekedwa pangalande, ndipo patsogolo pake nyanja ya Malombe, yosaya, yamatope, imene paunyamata wake inkadzaza mabwato ndi chambo mpaka nsombayo idatha cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nsanja ya wotchi ya pa boma, imene idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, adachita kuifunafuna. Chinthu chimene munthu amachiyang'ana chogadama akakhala pansi, kumwambako chidali ngati chiswe chaima.

Atabwerera kumpoto, motsatira gombe koma ali patali ndithu m'mwamba, mkuluyo adaona chinthu chimene adachidziwa zaka zonse koma adali asanachionepo. Mipanda ya nyumba zopumulirako ndi mahotela idali itandandalikana kuchokera kumsewu mpaka m'madzi, wina kutha wina kuyamba, ndipo pakati pake padangotsala tinjira tating'ono ngati ta mbewa, todzera anthu a m'midzi popita kukatunga, kukachapa ndi kukakocheza. Malo alionse ankawadziwa mbiri yake: adali a yani, adagulitsa ndani, ndalama zake zidathera pati. Koma ankawadziwa amodziamodzi, monga munthu amadziwira mano ake akamaguluka. Apa adaona chibwano chonse. Adaonanso mapiri ometedwa mpala kuseri kwa midzi, mitengo itangotsala kumanda, pamene kutsogolo, kumapiri a ku Cape Maclear ndi pazilumba za Domwe, Thumbi ndi Mumbo, mitengo idali yothithikana, poti kumeneko ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980 n'kuikidwa ndi bungwe la UNESCO pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Adaona ndi maso kuti dothi ndi limodzi, mvula ndi imodzi, chosiyana ndi nkhwangwa. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sadanene kuti kalumoko nthawi zina kamacheka.

Mlendoyo naye adalandira zake. Mapu ake adali ndi mizere, manambala ndi mayina ochepa a Chingerezi. Mkuluyo adayamba kuloza pamadzi, pamene mtundu wake umasintha kuchoka pobiriwira kupita pakuda bii, natchula mayina a miyala ya pansi pa nyanja imene asodzi amaponyapo makoka, pamene pamagona kampango, pamene utaka umasonkhana, pamene mafunde amatembenuza bwato mwera ukakula. Kwa woyendetsa ndege nyanja idali dambo limodzi lalikulu loopsa, loti injini ikazima ulibe potera. Cessna yozima injini imayandama m'mwamba pafupifupi makilomita 9 pa kilomita iliyonse ya kutalika kwake, ndipo nyanjayi penapake ndi yotambalala makilomita opitirira 70, n'chifukwa chake ochenjera satalikira gombe ndipo amanyamula majekete oyandamitsa. Kwa msodzi nyanja yomweyo idali mudzi wa njira zake, mabwalo ake ndi manda ake. Pobwerera, mkuluyo adagwira mkono wa mlendo, naloza kankhalango ka m'mbali mwa mtsinje kamene kankafuka utsi, napukusa mutu. Mlendoyo sadafunse. Adapendeketsa ndege, nadzera kunyanja.

Tchuthi chili ndi vuto limodzi: chimatha. Mlimiyo adayenera kunyamuka Lamulungu, kukatera ku Chileka, kugona panjira, n'kukafika kwawo kumene antchito ndi ngongole za kubanki zinkamudikira. Loweruka madzulo mkuluyo adayang'ana kumapiri a kuvuma, namvetsera mmene mafunde ankamenyera gombe, nauza mdzukulu wake kuti akawauze alendowo kuti mwera wafika, ndipo si wa tsiku limodzi. Asodzi a m'nyanjayi amadziwa mphepo ndi mayina ngati anthu apachibale. Mpoto ndi wa nthawi ya dzinja, vuma amachokera kotulukira dzuwa, koma mwera, wochokera kummwera chakuvuma m'miyezi yozizira, ndiye mfumu. Ukabwera, mabwato amakokeredwa kumtunda, nyali za usipa siziyaka, ndipo pamathandala pamakhala mbee. Mpweya womwewo ukagunda mapiri a Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba umasanduka chiperoni, mitambo yotsika ndi mvula yowaza, imene dzina lake lidachokera kuphiri la Chiperone ku Mozambique. Lamya ya mlendoyo idanenanso chimodzimodzi: ku Blantyre mitambo yatsika.

Oyendetsa tindege ambiri ali ndi chiphaso chowalola kuuluka modalira maso okha. Ayenera kuona pansi, kuona mapiri, kuona pamene thambo limakumana ndi dziko. Akalowa mumtambo zonsezi zimazimirira, ndipo thupi limayamba kunama. Munthu amamva ngati ali chilili pamene ndege yapendekeka, amamva ngati akukwera pamene akutsika, ndipo amene sadaphunzire kukhulupirira mawotchi kuposa thupi lake satenga mphindi zambiri asanataye chiwongolero. Aphunzitsi a ndege amati chimene chimapha ophunzira awo akale kawirikawiri si injini, koma mtima wofuna kukafika: tchuthi chatha, Lolemba kuli ntchito, hotela yalipidwa mpaka lero, ndipo mtambowo ukuoneka ngati uli ndi kampata.

Anthu a ku Malawi safunika kuuzidwa zambiri pa nkhani imeneyi. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ija pa Mangochi pali chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene idamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946, n'kupha anthu 145. Ndipo pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Akatswiri a ku Germany amene adafufuza adalemba kuti ndegeyo, ikuuluka modalira maso, idalowa m'nyengo ya mitambo ndi chifunga, n'kuwomba phiri. Ngati zotere zimagwera oyendetsa amene kuuluka ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, kuli bwanji mlimi wapatchuthi amene mapiri a dziko la eni akuwaona koyamba.

Mlimiyo adayenda uku ndi uku pabwalo Lamulungu m'mawa, akuyang'ana kummwera, akuyang'ana lamya, akuyang'ananso kummwera. Pamwamba pa nyanja padali poyera ndithu, ndipo chimenechi ndicho chimanyenga: nyengo yoipa siili pamene munthu waima, ili kumene akupita. Mkuluyo sadanene kanthu kena, poti wakutsina khutu satsina kawiri. Adangokhala pamwala, akusoka ukonde wa mwana wake. Dzuwa litakwera, mlendoyo adatsitsa zikwama zimene adali atakweza kale, natenga zingwe, namanga mapiko ndi mchira pazikhomo, naphimba mawindo.

Mwera udawomba masiku awiri enanso. Poti panalibe kopita, mlendoyo adatsikira kudoko kumene asodzi nawonso adali pa ulova wa mphepo. Kumeneko ndiko kumene adakhala mlendo weniweni, wopatsidwa mpando ndi kufunsidwa malonje. Adadya nsima ndi usipa wouma, adaphunzitsidwa bawo n'kudyedwa katatu ndi mnyamata wa sitandade 6, adafunsidwa mtengo wa ndege yake n'kuyankha mozemba, monga aliyense amayankhira akafunsidwa za chuma chake. Ambiri mwa omufunsawo adali ndi mwana kapena mbale ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, poti njira ya ku Joni sidatsekeke ndi kutha kwa Wenela, idangosamukira pabasi. Ulendo umene iye adauyenda maola 7 akuyang'ana mitsinje pazenera, ana awo amauyenda masiku awiri kapena atatu, kudzera ku Mwanza kapena ku Dedza, ku Tete, ku Nyamapanda ndi ku Beitbridge, mtima uli m'mwamba pachipata chilichonse. Mayi wina adafunsa, moseka koma osaseka kwenikweni, ngati mpando wakumbuyo uli ndi munthu. Mlendoyo adamvetsa funsolo asanamumasulire, ndipo adasowa choyankha.

Lachitatu m'mawa nyanja idagona. Mlimiyo adamasula zingwe, nazungulira ndege yake dzanja lili pachitsulo, napisa kamtengo m'matanki, nakhetsera mafuta m'kabotolo. Ulendo uno adakapereka kwa mkuluyo, amene adakayang'anitsa padzuwa, nakanunkhiza, nagwedeza mutu kuvomereza. Adalipira ulonda wa masiku onse, ndi owonjezera aja omwe. Mkazi wake adasiya mankhwala opaka msana. Kandegeko kadathamanga moyang'anana ndi kamphepo kotsalira, kadanyamuka, kadakhotera kunyanja m'malo modzera pamwamba pa mudzi, ndipo kadakwera ndithu kasanaloze ku Chileka. Phokoso lisanathe n'komwe mbuzi zidali zitabwerera kale pabwalo, ndipo mkuluyo adatsikira kudoko kukaona ngati anyamata akonza nyali, poti usiku umenewo mabwato adali oti alowa m'madzi.